Kanjinga Kamoto pa Njira ya Ogula Usipa

Njira yochokera kudoko la kwathu ku Liwaladzi kukafika pamsika tinalambula tokha, ife ogula usipa oyenda panjinga, ndi makasu athu. Imayenda m'mbali mwa msewu wa tala, kudutsa m'madimba a mpunga, n'kukathera pachitunda cha pamsika. Tinailambula chifukwa chotopa ndi malole aatali aja, amene mphepo yake yokha imakuchotsa pachishalo. Matipate atabwera tinaisankhira komiti, poti masiku amenewo chilichonse chinkakhala ndi komiti, ngakhale chitsime. Wapampando anali a Yakubu, munthu amene anayamba kupalasa njinga ine ndisanamere mano, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo.

Vuto linabwera ndi mayi Anastazia, alangizi a zaumoyo amene ankachititsa sikelo ya ana m'midzi yathu. Bungwe lina linawapatsa kanjinga kamoto kofiira, kakang'ono, kolira ngati makina osokera. Sabata yachiwiri yokha, lole inawakankhira m'ngalande, chigongono chonse n'kusupuka. Amuna awo sanapite m'mbali. Anati tsiku lomwe mayiwo adzakwerenso pa tala, ntchito idzathere pomwepo. Mayi Anastazia ntchito yawo ankaikonda kwambiri, choncho Lachitatu m'mawa anangokhotera m'njira yathu.

Ife panjirapo timalankhulana ndi belu. Kuliza kamodzi ndiye kuti ndili m'mbuyo mwanu, kawiri ndiye kuti ndasenza katundu, ndipatseni mpata. Hutala ndi ya lole, ndipo thupi la munthu wa njinga likamva hutala silifunsa kumutu, limangodumpha. Mayiwo zimenezi sankazidziwa. Atawapeza a Yakubu ali ndi dengu lodzaza, anawaimbira hutala mwaulemu wonse. A Yakubu anapezeka ali m'dimba la mpunga, matope mpaka m'chiuno, abakha akuchita phwando ndi usipa wawo.

Lachisanu titachoka ku mzikiti tinakhala msonkhano pansi pa mtengo wa mango pomwe Kalilu amakonzera njinga. Mayi Anastazia anapepesa, n'kupempha kuti tiwalole.

“Abambo anga, pa tala ndikafa. Ndikasiya ntchito, ana anu omwewa katemera aziwabaya ndani?”

“Mayi, ife sitikudana nanu,” anatero a Yakubu. “Koma chilichonse chomwa petulo ndi galimoto. Galimoto ili ndi msewu wake.”

Tinavota. Asanu ndi anayi anavomera, asanu ndi anayi anakana. Tinavotanso, zinatuluka chimodzimodzi. Ine ndinali mbali yokana, sindibisa, ndipo ndinali nditakwiya ndithu, poti matuza a khasu lolambulira njirayo ndinkawakumbukirabe. Kachitatu anthu awiri anasintha maganizo, koma anangosinthana mbali.

Apo m'pamene Kalilu anatsokomola. Mkulu ameneyu akamatsokomola choncho muzisamala naye.

“Awapampando, nkhani ndi liwiro. Chimene njinga yakapalasa singachipitirire ndi galimoto. Koma chimene inu mungachisiye m'mbuyo ndi njinga ngati zathuzi. Bwanji mupikisane, kuchokera pano mpaka pamsika?”

“Kanthu kameneko?” A Yakubu anaseka. “Ndingakapitirire nditakweza apongozi anga pakaliyala.”

Tonse tinawomba m'manja, nkhani n'kutha. A Yakubu anazindikira ali kunyumba kuti adzitchera okha msampha. Akapambana, kanjinga kalowa m'njira. Akagonja, kanjinga kachoka, koma doko lonse lidziwa kuti a Yakubu atha. Loweruka m'mawa anabwera nkhope ili ngati amwa mankhwala a malungo.

Anthu anadzaza m'mbali mwa njira, ambiri mwa iwo amayi a kusikelo ndi ana kumsana. Kalilu anagwetsa chipewa, mpikisano n'kuyamba. Ine mpikisano wochititsa manyazi ngati umenewo sindinauonepo. Mayi Anastazia ankafuna kugonja, ndiye ankayenda pang'onopang'ono, kanjinga kakudzandira mumchenga. A Yakubu nawo anali asanasankhe chomwe akufuna, ndiye ankapalasa ngati akuperekeza maliro. Mbuzi ina inawapitirira onse awiri, ikudya udzu panjira.

Amene anathandiza a Yakubu kusankha ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa.

“Musawakakamize akuluwo, miyendo inatha kalekale.”

A Yakubu anamva. Anaimirira pamapedulo, msana n'kupindika, fumbi koboo. Anadutsa madimba a mpunga ngati mnyamata, mayi Anastazia akuwatsatira chapatali ndithu, ine ndili m'mbuyo mwawo monga mboni ya komiti. Gulu lonse linali litadulira njira yachidule kukadikira pamsika.

Koma chitunda cha pamsika sichiona nkhope. Pofika pakati pake, pomwe njira imakhota kuseri kwa nthochi, mphamvu zinawathera a Yakubu. Njinga inayamba kupita uku ndi uku, mpweya ukumveka ngati mpope wobooka. Ndinawamvera chisoni, ine amene ndinkawaseka m'mawa. Munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kumanga dengu pakaliyala, ndipo ndinali ndisanaonepo kuti khosi lawo laonda chotero. Phazi lawo linali pafupi kuponda pansi.

Mayi Anastazia anafika, koma sanapitirire. Anatambasula mwendo wakumanja, n'kuponda kaliyala ya a Yakubu, n'kuwonjezera moto. Kanjinga kanalira ngati kafuna kuphulika, koma kanakankha. A Yakubu sanacheuke. Anangowongola msana, miyendo n'kuyamba kuzungulira yokha. Atatsala pang'ono kutulukira poyera, mayiwo anachotsa phazi, n'kubwerera m'mbuyo.

Anthu a pamsika anangoona a Yakubu akutulukira pamwamba pa chitunda atakhala njo pachishalo, ngati akupita ku ukwati. Nthungululu zinalira. Kalilu anandifunsa ngati mboni kuti zayenda bwanji, ine ndinati zayenda bwino. Sindinaname, kungoti sindinanene zonse.

A Yakubu atapeza mpweya anakwera pabenchi ya ogulitsa tomato.

“Mwaona nokha. Kameneka si galimoto, ndi njinga yodwala chifuwa. Kaziyenda m'njira yathu. Koma hutala ichoke lero, Kalilu amangepo belu.”

Mayi Anastazia anagwada pang'ono kuthokoza, maso ali ndi misozi. Anthu atayamba kubalalika, a Yakubu anawayandikira uku akunamizira kuyang'ana matayala a kanjingako. Ine ndinali pafupi, ndikupopa njinga yanga yomwe sinkafuna mpweya.

“Mwana wanga,” anatero motsitsa mawu, “m'mawa mumadutsa nthawi yanji pachitunda paja?”

“Cha m'ma seveni, bambo.”

A Yakubu anasisita bondo.

“Inenso ndimafika pamenepo cha m'ma seveni. Ndikachedwa, muzindidikira kuseri kwa nthochi.”