Tsitsi la Veronika

Pa sukulu ya m'mudzi kufupi ndi Chiparamba, aphunzitsi Matiyasi anali ndi pensulo ya sileti imene sinalembepo chilembo n'chimodzi chomwe. Ntchito yake inali ya Lolemba m'mawa. Ana ankandanda pabwalo, aphunzitsi n'kumadutsa ngati munthu wogula mbuzi: kuona zikhadabo, kusuzumira kuseri kwa makutu, kutembenuza mapazi kufuna matekenya, kukoka yunifolomu kuti aone ngati yachapidwa. Pomaliza ankasomeka pensuloyo m'tsitsi la mwana n'kunena kuti, "Pukusa mutu." Ikagwa, mwanayo ankalowa m'kalasi. Ikakanirira, ankabwerera kwawo kukameta.

Lolemba lina m'chaka cha 1943, dzuwa la Okutobala litayamba kuwamba anthu, pensuloyo inakana kugwa m'mutu mwa Veronika. Mwanayo anapukusa mpaka kumva chizungulire, koma iyo inangoti njo, ngati yamera pomwepo.

Amake, Ketilina, anali kusosa m'munda pamene anamuona akubwera, sileti kukhwapa, misozi ili mbwembwembwe. Sanafunse zambiri, chifukwa nkhani ya tsitsilo ankaidziwa bwino kuposa aliyense. Mwamuna wake Alfonsi anamwalira nthawi yokolola. Atamuika, abale onse anametedwa monga mwa mwambo, ndipo kuyambira tsiku limenelo lumo silinkayenera kukhudza mutu wa mkazi wamasiye kapena wa mwana wa malemu mpaka m'meto wachiwiri, tsiku lophika mowa, lotsanzikana ndi mzimu. Wotchula tsikulo anali mmodzi yekha: Andireya, mkulu wake wa Alfonsi. Ndipo Andireya anali munthu woti ngakhale nyumba ikupsa amayamba wafwenkha fodya.

Chikhala chaka china, Ketilina akanangoti mwana akhale pakhomo, azitunga madzi. Koma mwezi wotsatirawo wansembe ankabwera kudzayesa ana, ndipo okhoza okha ndi amene ankatengedwa kukapitiriza sukulu ku mishoni. Mayeso amenewa ankachitika kamodzi pachaka. M'kalasi lonse la akuluakulu mtsikana anali Veronika yekha, ndipo azakhali ake anali atayamba kale kumuyang'ana pachifuwa n'kumatsinana. Chaka chamawa sakanakhalanso mwana wasukulu, akanakhala namwali woti anthu azidzafunsira mbeta. Alfonsi ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake, nsalu itasowa chifukwa cha nkhondo, anayenda wapansi mpaka ku Fort Jameson, n'kukachonderera m'masitolo a amwenye kufikira atapeza kansalu kabuluu ka yunifolomu. Anabwera mapazi atatupa, akuseka, akuti mwana wake adzawerengera anthu Mthenga Wabwino m'tchalitchi.

Ketilina anasiya khasu n'kupita kusukulu.

"Aphunzitsi, mwana uyu ali pa maliro. Inu munalipo poika bambo wake, munaimbitsa nyimbo ndinu."

"Ndinalipo, amake Veronika, ndipo pepani. Koma lamulo ndi lamulo. Tsitsi lalitali limasunga nsabwe."

"Nsabwe zake ziti? Funani, mukaipeza imodzi ndiidya pamaso panu."

"Ine sindifuna nsabwe, ndifuna pensulo igwe."

"Tikudikira m'meto, aphunzitsi."

Aphunzitsi Matiyasi anatseka makutu ndi zala zenizeni, bambo wamkulu wovala tayi. "Mawu amenewo ine sindinawamve. Za m'meto pano ayi. Ine ndanena kuti tsitsi lichoke Abambo wansembe asanabwere, basi."

Munthu wotseka makutu ungamuuze chiyani? Ketilina anatuluka mtima ukuwira, n'kulunjika kwa mlamu wake. Anamupeza Andireya pansi pa mtengo wa mango akusema mpini, umene Andireyayo anauyamba Alfonsi asanamwalire. Anagwada poteropo, n'kufotokoza zonse mwaulemu, ngakhale kuti m'kati mwake ankalakalaka kumulanda mpiniwo.

"Alamu, tchulani tsiku. Mwana akutaya sukulu."

Andireya anafwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno mosafulumira.

"Mlamu, m'meto si kumeta ndevu. Pafunika mowa. Chimanga chili kuti chaka chino? Nkhokwe zonse zikulira mphepo. Tidikire masika."

"Masika! Abambo akubwera mwezi wamawa."

"Abambo anuwo ndi m'bale wake wa Alfonsi?"

"Ndiye ndingomudulako pang'ono ndi sizasi, pamwamba pokha."

Apa Andireya anaika mpini pansi, chinthu chimene ankachita msanga kuposa china chilichonse. "Yesani. Mukadula ngakhale kamodzi, ndiye kuti mwana wataya bambo wake kutchire. Akadzayamba kutsokomola musadzabwere kuno. Ndipo anthu adzafunsa kuti mkazi wothamangira lumo chotere, akumudikira ndani kuseri kwa nyumba?"

Mawu amenewo anamulasa Ketilina. Iye amene ankagonabe pamphasa yakale, osadzola mafuta, osavala mkanda, lero akhale wothamangira amuna! Anadzuka osatsanzika.

M'mawa mwake anayesa nzeru ina. Ananyowetsa tsitsi la Veronika, n'kulipsinja ndi manja, n'kumumanga duku wake wa ku Misa. Dzuwa lisanakwere mwana anali atabwerako: duku si yunifolomu. Anayesa kuliluka timizere tothina kuti pensulo isapeze polowa. Anabwerakonso: zoluka n'za akazi a m'tauni, osati ana a sukulu. Ketilina anabwerera kwa Andireya, Andireya anati masika. Anabwerera kwa aphunzitsi, aphunzitsi anamuonetsa pensulo. Njira ya pakati pa sukulu ndi mtengo wa mango inasalala ndi mapazi ake, munda uli chisosere theka. Amuna awiri akuluakulu, wina ndi buku wina ndi mwambo, onse atakakamira pamutu pa kamwana kamodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo zimene zinali m'kati mwa mutuwo. Veronika ankangokhala pakhonde n'kumalemba masamu pansi ndi kamtengo, nkhuku n'kumafufuta.

Tsiku lina masana Ketilina analowa m'khitchini n'kuyang'ana kudenga. Pamenepo, mu utsi, panali ngala za chimanga cha mbewu, zosankhidwa ndi Alfonsi mwiniwake, zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti wodya mbewu amadya chaka chamawa. Kenako anakwera pamtondo n'kuyamba kuzitsitsa.

Anatonola, anaviika, anafundika ndi masamba a nthochi mpaka chinamera. Chimera chitauma anasinja yekha, manja mpaka matuza. Anansi ankadutsa n'kumagwira pakamwa. Utsi wa mowa utayamba kufuka, anapita pansi pa mango paja.

"Alamu, munati pafunika mowa. Mowa uli pamoto. Mukapanda kutchula tsiku usasa, ndipo mudzauze m'bale wanu kuti munausasitsa ndinu."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Andireya anafulumira. Anatuma mithenga, abale anabwera kuchokera ku Chipangali, ng'oma zinalira mpaka kumveka kusukulu. Anthu amene ankati kulibe chimanga anamwa chimanga cha Ketilina mpaka kuyamba kumuyamika kuti ndi mkazi wolemekeza mwamuna wake. Pansi pa mtengo anakhazika amayi ndi mwana, n'kuwameta ndi lumo mpaka mitu inati mbee. Tsitsi analikwirira. Ketilina analira pamenepo, kulira kwenikweni, chifukwa Alfonsi anali atapita tsopano, komanso chifukwa cha kutopa. Veronika ankangosisita mutu wake n'kumamwetulira.

Tsiku la mayeso linafika patangopita masiku ochepa. Ketilina anachapa yunifolomu, n'kuiyala pansi pa mphasa kuti iwongoke, n'kumuperekeza yekha mwana wake. Kumwamba kunali kutayamba kuda cha kum'mawa. Ana anali atandanda kale, aphunzitsi Matiyasi atavala jekete ngakhale kunali kotentha, thukuta lili kamukamu. Atafika pa Veronika anaima. Nkhope yawo inagwa.

"Amake Veronika, ichi n'chiyani?"

"Mwati tsitsi lichoke. Lachoka."

"Uwu ndi mpala wa m'meto."

"Ikani pensulo, aphunzitsi."

"Mudzi wonse unamva ng'oma zija. Abambo analetsa. Mwana wometedwa ku mowa wa mizimu saima pamaso pawo mpaka tsitsi litamera. Akangouona mutu uwu afunsa, ndipo akafunsa, ntchito yanga yatha."

"Ndinakuuzani kuti tikudikira m'meto!"

"Ine sindinamve."

"Munatseka makutu! Ndi zala izi! Ikani pensulo."

Aphunzitsi, posowa chochita, anaika pensulo pamutu pa Veronika. Inagubuduka n'kugwa pansi mwana asanapukuse n'komwe.

"Yagwa," anatero Ketilina.

"Yagwa, inde. Koma sangalowe."

"Lalitali mwakana, lometa mwakana. Mufuna lotani, lojambula ndi makala? Ndiuzeni, aphunzitsi, kodi Abambo akudzayesa mutu kapena tsitsi?"

Aphunzitsi anatola pensulo yawo, n'kuipukuta pajekete. Sanamuyang'ane kumaso. Anangoti, chapansipansi, "Ndili ndi ana asanu, mayi. Chaka chamawa adzayesa."

Chaka chamawa! Ketilina anafuna kuseka, anafuna kutukwana, koma patali panamveka kale mthuthuthu, njinga yamoto ya wansembe. Aphunzitsi analowetsa ana mothamanga. Ketilina anagwira dzanja la Veronika, koma sanapite naye kunyumba. Anazungulira kuseri kwa sukulu, kumene khoma ladothi linali lalifupi losafika kudenga, n'kumukhazika pansi pa chikhomacho.

"Khala apa. Lamulo lawo lathera pakhomo. Kuno n'kubwalo kwa Mulungu."

Anakhala awiriwo, mitu ili mbee, akumva zonse za m'kati. Wansembe anapempheretsa, n'kuyamba kufunsa m'Chinyanja chake chopotoka. Katekisimu, kuwerenga, kenako masamu. Funso lililonse Veronika ankaliyankha monong'ona, chala chikulemba pafumbi. Funso lina litavuta, m'kalasi munangoti zii. Mwanayo anapirira, anapirira, kenako yankho linangomupulumuka mokweza.

"Ndani ameneyo?" anafunsa wansembe.

Ketilina anayamba kudzuka. Akanangoima, mutu wake ukanaonekera pamwamba pa khoma, ndipo anali ndi mawu okwana mtanga oti anene. Koma asanawongoke anamva mawu a aphunzitsi Matiyasi, ofewa, aulemu.

"Palibe, Abambo. Ndi ana a m'mudzi, amasewera kuseriko."

Ndipo Veronika anamukoka chitenje, maso ali pansi, dzanja lina litaphimba mutu. Mwana amene m'mawa ankanyadira mpala wake tsopano ankachita nawo manyazi. Ketilina anakhalanso pansi.

M'katimo wansembe anatchula mayina a anyamata osankhidwa. Mthuthuthu unalira n'kumapita, fumbi lili koboo. Amayi ndi mwana anadzuka n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Podutsa pa mango paja anaona Andireya atatenganso mpini wake uja. Andireyayo anawakuwira mokondwa kuti, "Mlamu, mowa uja unali mowa!" Ketilina sanacheuke, chifukwa akanacheuka bwenzi pali mlandu wina.

Ali pafupi kufika, mphepo inasintha, fungo la dothi linabwera, madontho akuluakulu anayamba kugwa. M'minda monse anthu anayamba kufuula, akazi kululuta, ena kuthamangira m'nyumba kukatsitsa mbewu zawo. Veronika anavula yunifolomu msangamsanga kuti isanyowe, n'kuipinda, n'kuibisa m'chitenje cha amake, monga ankachitira masiku onse bambo ake ali moyo.

Analowa m'khitchini. Kudenga kunali zingwe zokhazokha zikulendewera.

"Amayi," anatero Veronika, akusisita mutu wake wonyowa, "limera liti?"

Ketilina anatenga kansupa ka mafuta a nsatsi, n'kumukhazika mwanayo pakati pa miyendo yake, n'kuyamba kumudzoza pamutu pang'onopang'ono. Kunja mvula inkagwa pamizere yopanda kanthu.

"Limera, mwanawe," anatero. "Chaka chino pakhomo pano chomera n'chimenechi."