Njira ya Chindere

Pa zonse zimene malemu Frackson Nyirenda anasiya, chovuta kwambiri chinali cha miyendo inayi. Inali hatchi yaifupi, yofiirira, ya mimba ngati ya bwana wamkulu, imene mzungu wina wa pafamu ya khofi anamusiyira pobwerera kwawo. Anthu a ku Nkhorongo ankaitchula kuti bulu, ndipo Frackson ankapsa nazo mtima ngati amutukwanira makolo. Iye anaitcha Chindere, dzina la Chitumbuka la munthu wopusa, koma kunena zoona pakhomo pamenepo panalibe wochenjera kuposa Chindereyo.

Ntchito yake inali yochepa. Ankanyamula ana pa mapwando a tsiku lobadwa ndi kuima pambali pa akwati pojambulitsa zithunzi, basi. Koma ngakhale imeneyo ankaizemba. Akangoona chishalo ankayamba kutsimphina, lero mwendo wakutsogolo, mawa wakumbuyo, nthawi zina n'kuiwala kuti m'mawa anadwalitsa uti. Pomanga lamba wa chishalo ankafufumitsa mimba, ndiye mwana akangokhala bwinobwino pamsana iye n'kuiphwetsa, chishalo n'kupendekeka, mwana wa eni ake n'kupezeka m'matope ndi zovala zake zatsopano. Ankapisanso mlomo m'matumba mwa alendo. Koma chimene ankachikonda koposa chinali chipewa chaubweya chimene Frackson ankavala chifukwa cha kuzizira kwa Mzuzu. Ankamuzembera kumbuyo, n'kuchivula ndi milomo, n'kuchiponya pansi, Frackson n'kumamutukwana uku akuseka.

Mkazi wake, Marjorie, sankaseka nawo zimenezo. Ankati munthu wamkulu wa imvi zake sasewera ndi nyama.

Tsopano Frackson kunalibe, ndipo Marjorie anali asanalire. Si kuti sanayese. Pamaliro anakhala pamphasa pakati pa amayi anzake a kumpingo, iwo akulira mpaka mawu kutha, iye n'kumamvetsera mvula ikugunda malata ndi kumaganiza kuti ndowa ija yapakona idzaza posachedwa. Anadzitsina pantchafu kuti mwina misozi ibwere, koma sinabwere. Chakudya chinalibe kukoma, tulo tinalibe maloto. Ankadzuka, kusesa, kukhala pakhonde, dzuwa n'kulowa.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Sharon, ngakhale kuti iye ankati alibe. Sharon anakwatiwa ndi Hamisu, Msilamu wochokera ku Mangochi wogulitsa muokala, ndipo analowa chipembedzo cha mwamuna wake. Marjorie, amene ankatsogolera nyimbo pakati pa amayi kumpingo, anamutulutsira zovala panja n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomo pake. Frackson sanatsutse. Munthu ameneyo sankatsutsa kanthu m'nyumba, ankangoti "Yewo mama," n'kupita kukhola. Zaka zinadutsa. Marjorie anamva kwa anthu kuti kunabadwa mwana wamkazi, koma sanafunse dzina lake kapena kumene akukhala.

Pamaliro Sharon anabwera, n'kuima patali pansi pa mitengo ya paini atafunda nsalu yakuda kumutu. Marjorie anamuona monga mmene ankaonera mitengoyo. Tsiku lometa litafika, abale atakhala pamzere kuseri kwa nyumba, Zondiwe, mng'ono wake wa malemu, ananong'oneza kuti, "Alamu, timuitane Sharon adzamete nafe?"

"Ometa ndi ana a malemu," anayankha Marjorie. "Ine ndilibe mwana."

Lumo linadutsa pamutu pa Marjorie ngati likudutsa pamutu pa munthu wina. Anamanga duku lakuda, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma kwa Chindere sinathe. Masana aliwonse dzuwa likapendeka, ankatsegula chitseko cha khola n'kutuluka yekha. Loko wokoka ankamukankha ndi mlomo. Marjorie anamanga waya, Chindere anaumasula. Anaika loko wa kiyi, Chindere analowetsa mphuno pansi pa chitseko n'kuchinyamula chonse kuchichotsa pa mahinjesi. Ankasowa masana onse, madzulo n'kubwera yekha, mimba ili tototo, n'kulowa m'khola ngati wogwira ntchito m'boma woweruka pa nthawi yake. Marjorie sankamufunafuna. Akabwera, wabwera. Akanapanda kubwera, bwenzi zili chimodzimodzi.

Amene anaona kanthu ndi Rachael, wa nyumba yoyandikana nayo, mayi amene maso ake sankapuma ngakhale Lamulungu.

"ANyaMhango, monire," anatero atatsamira mpanda tsiku lina, akumuitana Marjorie dzina la kwawo. "Pepani chomene, ine sindikonda kulankhulalankhula. Koma taonani pakhosi pa nyama yanuyo."

Marjorie anayang'ana. Pa ubweya wautali wa pakhosi pa Chindere panali polukidwa bwino, kunsonga atamangako ulusi wapinki.

"Hatchi siluka yokha tsitsi," anatero Rachael. "Nanga malemu si ankapita nayo masana aliwonse, amvekere ndikukaiwongola miyendo? Miyendo yake iti yosawongoka zaka zonsezi? Ine sindinanene kanthu, mama. I'm just saying."

Marjorie anadikira kuti mtima umupweteke. Mkazi wina, mwina ndi ana omwe, mwina anthu onse a m'mzinda akudziwa kupatula iye. Anaiganiza nkhaniyo uku ndi uku monga munthu amayesera dzino ndi lilime, koma sipanapweteke paliponse. Anangoti "Yewo," n'kulowa m'nyumba.

Sabata lomwelo Zondiwe anabwera ndi uthenga woti wapeza munthu wa malo ogona alendo amene akuifuna hatchiyo, ndipo lole ibwera Loweruka kudzaitenga.

"Tengani," anatero Marjorie.

Lachisanu masana kunali chifunga ndi kamvula kowaza. Marjorie anali pakhonde pamene anamva chitseko cha khola chikugwa. Chindere anadutsa pabwalo osamuyang'ana n'komwe, chingwe chikukwekwereka pansi. Mawa akapita, njira imene ankaidziwa yekhayo ipita naye. Marjorie anadzuka n'kutola chingwecho. Sinali nsanje, nsanje bwenzi ataithokoza. Ankangofuna kuona ngati padziko pano patsala chinthu chimene chingamupweteke.

Amene ankatsogolera ndi Chindere. Anatsika naye njira ya matope ofiira, anadutsa m'mbali mwa minda ya nthochi, anawoloka msewu atayamba waima kuti magalimoto adutse. Anyamata a kabaza ankamuimbira mabelu. "Chindere! Boss!" Mmodzi anachepetsa liwiro n'kuvula kapusi. "Pepani mama, tinamva za adada." Ku Salisbury Lines, kumene madzi a m'dambo amalowa mpaka m'makhonde, Chindere ankadziwa thabwa lolimba ndi lowola. Mayi wina wogulitsa nthochi atamuona patali anavundikira beseni lake ndi chitenje, akukalipa kuti wakuba uja wafika. Aliyense m'njiramo ankamudziwa. Marjorie ankangotsatira, nsapato zitalemera ndi matope, ngati ndiye womangidwa chingwe.

Ku Chiputula Chindere anakhota n'kulowa kanjira kakang'ono, n'kukaima pa okala yopaka utoto wobiriwira. Pakhonde panali matumba a mchere ndi makreti a zakumwa.

"Chindere wabwera!"

Anali kamtsikana kakang'ono, kovala juzi yaikulu kuposa msinkhu wake. Kanathamanga n'kukumbatira mwendo wa hatchiyo, kenaka kanasuzumira kumbuyo kwake ngati kakufuna munthu. Kataona Marjorie kanaima, chala chili m'kamwa. Pamanja kanavala ulusi wapinki. Mphumi yake inali ya Frackson, yotakata ngati khonde.

Mwamuna wamtali wovala kachipewa koyera anadzuka pa benchi mofulumira mpaka kugwetsa wailesi. Anali Hamisu. Anagwira manja pamodzi n'kuwerama. "Mayi," anatero. "Takulandirani, mayi."

Ndipo kuseri kwa kauntala kunatulukira Sharon, atafunda nsalu yake kumutu, m'manja muli mbale ya makoko a mbatata amene anakonzera hatchi. Anaima pakhomo osasuntha.

"Amama," anatero.

Ndiye mkazi wina uja anali ameneyu. Zaka zonsezi Frackson ankati "Yewo mama" n'kumadzera kukhola kubwera kuno. Marjorie anazimvetsa zonse bwinobwino, mmene munthu amamvera nkhani za pawailesi za dziko lakutali. Anakoka chingwe.

"Tiye."

Chindere sanasunthe. Marjorie anakokanso mwamphamvu, ndipo Chindere anakweza mwendo wakutsogolo n'kuulendewetsa, nkhope ili yachisoni ngati wodwala wa pamzere kuchipatala. Hatchi imene yayenda kuchokera ku Nkhorongo osapunthwa ngakhale kamodzi. Anthu a m'nyumba zapafupi anayamba kutuluka kudzaonerera.

"Sachoka asanamukweze Ruqayyah," anatero Sharon motsitsa mawu, akuyang'ana mwana wake uja. "Adada anamuzoloweza choncho. Musiyeni, amama, abwerera yekha madzulo monga masiku onse."

Marjorie anatembenuka, n'kuika chingwe paphewa kuti akoke ndi thupi lonse. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa, chifukwa aliyense wodziwa Chindere sankamupatsa nkhongo. Anamva mpweya wofunda pakhosi, kenaka mphepo yozizira pamutu. Duku linali litapita. Chindere analigwedeza m'mwamba, n'kuliponya pamapazi pa mwana uja, n'kuima modzitama kudikira kuti anthu aseke.

Palibe anaseka. Mayi wamasiye anali ataima pakati pa njira mutu uli pamtunda, kamvula kakugwera pa tsitsi lake longophukira kumene. Hamisu anayang'ana pansi. Amayi ena anagwira pakamwa. Marjorie anadziwa kuti apa m'poyenera kuchita manyazi, koma manyaziwo sanabwere.

Kwa Ruqayyah amenewa anali masewera amene ankawadziwa bwino. Chindere amagwetsa chipewa cha agogo, iye amatola n'kukapereka, agogo amamunyamula n'kumukweza pamsana. Chichokereni agogowo hatchi inkabwera yokha ndipo panalibe chipewa choti atole. Anatola dukulo, analikuntha matope ndi kadzanja kake, n'kubwera nalo kwa Marjorie atakweza manja onse awiri. Ali pafupi anaima, n'kupendeketsa mutu.

"Mutu wanu uli ngati wa amami," anatero.

"Ruqayyah," anatero Sharon.

"Eee, ngati wa amami. Adadi anawameta kuseri ndi lumo. Amami amalira chomene."

Marjorie anayang'ana Sharon. Sharon anali atagwira nsalu yake pachibwano, maso ali pa mbale ya makoko.

"Zoona?"

Amene anayankha ndi Hamisu. "Kwathu akazi sameta choncho, mayi. Ndinamuuza. Koma anati bambo ake ndi bambo ake. Tsiku limene munkameta kwanu, iye anakhala pampando kuseri kuno, yekha. Ndinaona kuti ndikakana adzicheka, ndiye ndinamumeta ndine."

Manja a mwana anali akadali m'mwamba, ndipo anayamba kutopa. Marjorie anawerama n'kumunyamula, chifukwa mwana akakweza manja munthu amanyamula. Anali wolemera kuposa mmene ankaonekera, wofunda, wonunkhira sopo ndi utsi wa makala. Anamukhazika pamsana pa Chindere, amene mwendo wake unachira nthawi yomweyo. Hamisu anatenga chingwe n'kuyamba kuwazungulitsa pabwalo.

Marjorie anakwera pakhonde. Anali asanalowepo m'nyumba ya mwana wake, ndipo anaima kaye pakhomo ngati akuyembekeza kuti wina amuletse. Sharon anapatuka. Mkati munali mdima pang'ono, fungo la sopo ndi usipa wouma. Anadutsa kauntala mpaka kuseri kwa mashelefu kumene anthu a panja sakanawaona.

"Ndione," anatero Marjorie.

Sharon anaika mbale pansi n'kumasula nsalu ija pang'onopang'ono. Tsitsi lake lija, limene Marjorie ankaliluka Loweruka lililonse mwanayo atakhala pakati pa miyendo yake akudandaula kuti zikupweteka, kunalibe. Panali timizu takuda tongophukira, tofanana msinkhu ndi ta pamutu pa mayi ake. Pamwamba pa khutu panali kachipsera pamene lumo linaterereka.

Marjorie anaikapo chikhatho. Tsitsilo linamubaya m'dzanja, ndipo anakumva kubayako. Chinali chinthu choyamba kuchimva chimwalirireni Frackson. Kunakwera m'mkono, kunafika pachifuwa, ndipo kunapweteka kwambiri, kupweteka kwa mwamuna wake amene sadzabweranso, ndi kwa mwana wake amene anakhala yekha pampando kuseri kwa okala pamene abale onse anali pamzere kwawo.

"Anakucheka," anatero, chala chili pa kachipsera kaja. Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina. "Mwana wanga, anakucheka."

Anakhala pa thumba la mchere, n'kulira maliro onse amene sanalire. Sharon anagwada n'kuika mutu wake pamiyendo pa mayi ake, dzanja lija likadali pomwepo. Panja Ruqayyah ankakuwa kuti azungulirenso, ndipo mayi wina ankakalipa kuti wina agwire nyamayo, yalowetsa mutu m'dengu lake la mandasi.