Kuona Nkhope ya Natalia

Abale inu, ana enawa amapweteketsa mutu! Mayi Doris a ku Mabvuku, kutali m'dziko la eni, anali ndi foni ya m'nyumba, ija ya waya, imene malemu amuna awo anasiya. Chiyibireni akuba mawaya mumsewu wawo, foniyo inangoti zii, koma iwo ankaipukutabe fumbi n'kuifunditsa kansalu. Nambala yake ndi yokhayo imene mng'ono wawo Natalia wa ku Ntcheu ankaidziwa.

Atapempha mwana wawo Kingston kuti awagulire foni ya intaneti, iye anangoseka. "Amayi, Watsapu pamsinkhu wanuwu? Mukaphunzirapo miseche basi. Dikirani, wayayu akonza."

Anadikiradi. Uthenga woti Natalia ali kayakaya unachita kubwera ndi kondakitala wa basi pa siteji ya Mbare, utagonera m'njira masiku ambirimbiri. Mayi Doris anathamangira kwa a Lidiya, namwino woyandikana naye nyumba, misozi ili mbwembwembwe. "Mwanawe, ndingomvako mawu ake basi."

A Lidiya anapsa mtima, n'kumuitanitsa Kingston. "Mulibe manyazi inu? Yanu ili m'thumbamo, mayi anu mukuwadikiritsa waya amene anabedwa kalekale! Foni ya intaneti sifuna waya, sidziwa malire a dziko, siboola m'thumba, ndipo munthu umachita kumuona."

A Lidiya anafunsa pagulu la Watsapu la amayi a kutchalitchi, ndipo posakhalitsa nambala ya Domingo, mwana wa Natalia, inapezeka. Anaimba ya vidiyo. Domingo atayankha, kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo za maliro.

"Amayi aakulu, tinakuimbirani foni mpaka kutopa," anatero Domingo. "Ankangotchula dzina lanu. Atisiya dzulo, pano anthu akuona nkhope." Kenako anatembenukira adzukulu amene anali atanyamula kale chivundikiro cha bokosi. "Musakhome kaye! Akulu awo sanaone."

Anakweza foni pamwamba pa bokosi. Mayi Doris anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'anitsitsa.

"Natalia, ndine Doris," anatero mayiwo. "Sindinakutaye, mng'ono wanga. Ndinali pompano, ndikudikira waya."

Phunziro: Foni ya intaneti si ya achinyamata okha. Apatseni makolo anu ndi kuwaphunzitsa kuimba, alankhule ndi abale awo akadali moyo.