Mabotolo a Mufuliji

"Ndinawatulutsa dzana," anatero mchemwali wa malemu kwa mlamu wake wamasiye, akupukuta mashelefu a fuliji. "Chakudya cha anthu a pamaliro tikanaika pati? Matope a m'suweji pamodzi ndi mkaka wa ana, zoona alamu?"

Mayi wamasiyeyo anathamangira kuseri kwa nyumba. Mabotolo onse anali m'beseni, padzuwa, ena atatupa.

Kunena zoona, iye mwini anali atalimbana nawo mabotolowa zaka zitatu. Mwamuna wake ankagwira ntchito mu labotale, kumalo oyeretsera madzi a suweji. Kumeneko madzi amadutsa m'nsefa zopyapyala, koma tizilombo ta m'matope timatulutsa ulimbo wotseka nsefazo. Ulimbo umenewu ndiwo unali mkazi wake wachiwiri. Ankafunditsa matope, kuwazunguza m'makina mpaka ulimbo utapatuka, kenako n'kuyeza shuga ndi mapuloteni ake. Fuliji ya kuntchito itadzaza, anayamba kubwera ndi mabotolo a matopewo kunyumba.

"Tsiku lina ndidzataya zonsezi," mayiyo ankaopseza. Bamboyo ankangoseka.

Lero mtima unamupweteka ngati wataya ndi iyeyo.

Masana kunafika mnzake wa malemu wa kuntchito, atanyamula kabokosi ka ayisi. Anatsegula botolo limodzi, n'kupukusa mutu.

"Pepani mayi, zawola. Zofunika kwambiri zinali za sabata imene nsefa zonse zinatsekeka. Popanda zimenezo, ntchito yawo yafera m'mazira."

"Munthu wapita, inu mukulirira matope?" anatero mlamu uja.

Mayiyo anabwerera kukhitchini. Fuliji inkang'ung'udza pansipansi, monga ankachitira malemu akamalemba. Ndipo fungo lija, limene linkakana kuchoka m'manja mwawo ngakhale asambe ndi sopo, linali likadalipo, chonsecho mlamu anali atapukuta kawiri.

Anatsegula kachipinda ka pamwamba, koumitsira. Kuseri kwa ayisi kunali chidebe cha majarini. Mkati munali mabotolo anayi ouma gwa, olembedwa masiku a sabata ija. Pachivindikiro panali kapepala, zilembo zopendekera zija za malemu:

"Amake mwana, ndakuonani. Bwezerani pomwe mwachipeza."

Anacheuka. Pakhomo panalibe munthu.

Mabotolowo anawaika yekha m'kabokosi ka mlendo, limodzilimodzi, ndi manja awiri. Kenako anavindikira chidebe chopanda kanthucho, nachibwezera kuseri kwa ayisi, pomwe anachipeza.