Ng'ombe Yosungitsa

Chikopa cha ng'ombe chinali chikadali chachiwisi pamtanda wa khola pamene a Boaventura anafika ku Zóbuè kudzapepesa maliro. Uthenga unawapeza mochedwa ku Mualadzi, mnzawo a Caetano ataikidwa kale.

Anawalandira ndi Ilídio, mwana woyamba wa malemu, wogwira ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize. Maliro onse anayendetsa ndi iyeyo, ndipo anayendetsa modzimva. Anati bambo ake sangaperekezedwe ndi nyemba ngati munthu wopanda ana, nalamula kuti ng'ombe yaikazi yofiira igwe. Anthu anadya mpaka kumutamanda. Kufunsa sanafunse, poti mayi ake, a Lyness, anali m'nyumba ya siwa, ndipo namfedwa savutitsidwa ndi za kukhola.

Atatha kupepesa, a Boaventura anapempha kuti akaoneko ng'ombe yawo. Anafotokoza mofatsa kuti atasamutsidwa kuchoka ku Benga kupita ku Mualadzi anakapeza malo opanda msipu, madzi ovuta, ndiye anadzaisungitsa kwa a Caetano. Inali yokhayo imene inawatsalira.

Pakhondepo a Lyness anatembenukira kwa mwana wawo pang'onopang'ono.

"Ilídio, unapha iti?"

Koma manyazi ake! Nyama ili m'mimba mwa mudzi wonse, akaitolera bwanji? Ilídio anagwada, nawauza a Boaventura zoona zonse: ng'ombe yofiira anapha ija inali yawoyo. Kenaka anakumbukira mwambo woti wosunga ng'ombe ya mnzake amatenga thole loyamba ngati lolipira thukuta lake.

"Bambo, m'kholamo muli thole la ng'ombeyo. Linali gawo la bambo anga. Tengani limenelo, ndalakwa ine."

Anapita onse kukhola. A Boaventura analisisita tholelo pamsana, kenaka dzanja lawo linaima pakhutu. Panali podulidwa pawiri, chizindikiro cha ziweto za kwawo ku Benga.

"Malemu anadula okha litangobadwa," anatero a Lyness ali kumbuyo. "Ine ndinawakalipira, sindibisa. Anangoti a Boaventura ataya zambiri kale, tholeli likhale lawo."

Apa m'pamene Ilídio anazindikira. Anali ataperekanso chinthu cha eni ake, kachiwiri, osafunsa.

A Boaventura sanamuyang'ane. Anavula chipewa, nakhala chiimire m'ndowemo, chala chawo chikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa khutu lija.