Futoni ya Konoha pa Tsiku la Fumbi

Tawuni yathu inakhala ngati mbale yopendekera kunyanja. Kutsogolo madzi, kumbuyo mapiri a mikungudza, ndipo chilichonse chimene mphepo yabweretsa chimafikira mommuno n'kukhala. Miyezi ya chisanu sitiona dzuwa: mitambo, chipale, nkhungu m'makoma. Ndiye likangowala mu Malichi, akazi onse amathamangira pakhonde kukayanika mafutoni, matiresi opyapyala oyala pansi, amene takhala tikugonapo ali chinyontho, n'kumawakuntha ndi ndodo mpaka msewu wonse kumveka phaa, phaa. Tsoka lake, dzuwa loyambalo limabwera ndi mphepo yakumadzulo, yonyamula fumbi lachikasu kuchokera kutsidya kwa nyanja. Fumbilo limagunda mapiri n'kubwerera, ndipo masana mikungudza imalithira mungu pamwamba.

Mwana wanga Konoha ali ndi zaka zinayi ndi chifuwa cha mphumu. Adokotala anandiuza mosapsatira kuti nyengo imeneyi zogonera zake zisatuluke panja. Ndinagula makina oumitsira futoni m'nyumba, ndinamata mipata ya mawindo, ndipo khonde lathu linakhala lokhalo lopanda kanthu mumsewu wonse.

Apongozi anga, amayi Tokiko, zinawadya moyo. Kwa iwo khonde ndi nkhope ya mkazi wa panyumba. Ankati a Horiuchi a nyumba yoyandikana nayo anawafunsa ngati mtengwa wawo akudwala, ndipo ena kumsika wa nsomba anaseka. Ankati makinawo ndi chida cha alesi, futoni yosamva dzuwa imaweta tizilombo. Ndinawafotokozera mwaulemu, ndinawafotokozeranso, koma kunali kulemba m'madzi. Mwamuna wanga Shinpei, amene amakhala panyanja ndi boti la nkhanu, akabwera ankangoti ndiwapirire, ndi achikulire. Kupirira n'kosavuta ukakhala kuti suli pafupi pamene mwana akulira ngati wezulo.

Tsiku lina kunacha bwino kwambiri, koma chilumba cha kudoko sichinkaoneka, ndipo galimoto zonse zinali zitadzola chikasu. Ndisanapite kuntchito, kumene timalongedza nkhanu, ndinawapempha apongozi kuti mawindo asatsegulidwe. Anagwedeza mutu movomera akutsuka mpunga.

Foni inalira nditangomaliza nkhomaliro: anali apongozi, akuti ndithamangire kunyumba. Ndinampeza Konoha atakhala tsonga pa futoni yake, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itayamba kuda. Kampope ka mankhwala sikanathandize. Pomunyamula ndinamva futoniyo ili yofunda, yotukumuka, ikununkha panja.  Ndinathamanga naye kuchipatala, anamuveka chopumira kumaso, n'kunena kuti agonekedwa.

Atayamba kupuma bwinoko ndinabwerera kunyumba kukatenga zovala zake. Pachipata ndinakumana ndi a Horiuchi, akumwetulira, akuti lero khonde lathu linakongola. Ndinawaweramira monga mwa mwambo, koma mtima unkachita kuwira.

Apongozi anali atagwada pafupi ndi tebulo lawo lakuda limene amalipukuta m'mawa uliwonse. Anayamba ndi iwo kulankhula. Anati futoniyo anaiyanika pang'ono chabe, anaikuntha bwinobwino, ndipo Shinpei anamulera choncho osadwalapo. Anati mwina mwanayo anatengera chifuwa cha kwa makolo anga.

Apa m'pamene ulemu unandithera. Ndinakoka futoni ija kuchipinda, ndinaitambasula pamwamba pa tebulolo, ndinatenga ndodo yawo yomwe n'kuyamba kuikuntha. Ndinaikuntha chifukwa cha miyezi yonse imene ndinameza mawu, mpaka mkono kuwawa. Nditaichotsa, tebulo linali litakutidwa ndi kafumbi kachikasu, ndipo iwo anali akutsokomola.

"Amayi, pitsanipo chala," ndinatero. "Izi n'zimene mdzukulu wanu wagonera."

Anapitsadi chala, nachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti tsopano afunsa za mwana. M'malo mwake anayang'ana kuwindo n'kunong'ona kuti nditsitse mawu, khoma ndi lopyapyala, anthu amva.

Ndinawada nthawi imeneyo, sindibisa. Ndinatsitsa chikwama chachikulu m'malo mwa chaching'ono. Ndinaikamo zovala za Konoha zonse, mankhwala, nsapato, ndi zanga zomwe. Kwathu ndi kuseri kwa mapiri. Fumbi limafikako ndithu, koma kumeneko kuli mayi anga, amene ukati zenera litsekedwe, limatsekedwa. Ndinamuimbira Shinpei, foni sinagwire, ndinamusiyira mawu akuti akatuluka m'chipatala mwana tikupita, ndipo akafuna kutiona akwere sitima yapamtunda.

Apongozi ananditsatira mpaka pakhomo pamene timavalira nsapato. Ndinaona kuti akuchita mantha enieni.

"Mwananga Harue, mubwera liti?"

"Mphepo ikatembenuka, mvula ya Juni ikatsuka kumwamba. Mwina."

"Nanga anthu akafunsa, ndiwauza chiyani?"

Ndinamanga zingwe za nsapato, ndinanyamula chikwama, n'kutsegula chitseko. Kunja dzuwa linali lofiirira, ndipo msewu wonse akazi ankaanula mafutoni awo.

"Muwauze kuti mwana akupuma," ndinawayankha. "Inu simunafunse, koma mwina iwo afunsa."