Nsanja ya mu Mbawa

Lolemba pa 14 Seputembala 1959, nthawi ili 6.50 m'mawa, Davison Mbewe anakwera pa nsanja yomangidwa mu mtengo wa mbawa kum'mwera kwa Vubwi, ndipo sanatsike mpaka Lachitatu masana.

Davison ankagwira ntchito kwa mzungu wina wojambula nyama ndi mbalame. Anachoka ku nkhalango ya Luangwa mu Ogasiti, ndipo ulendo unali woti ukathere ku nyanja yamchere ku Beira. Koma mzunguyo anadwala malungo, nakagonekedwa ku Fort Jameson. Anasiyira Davison kamera, wotchi, buku lolembamo ndi ntchito imodzi: kujambula chiwombankhanga chikudyetsa mwana pachisa.

Nsanjayo inali mapazi 32 kuchokera pansi, yotchingidwa ndi udzu, moyang'anana ndi chisa. Malire a dziko la Apwitikizi anali pa kamtsinje kouma, mayadi 300 chakum'mwera. Mudzi unali mamailosi anayi, ndipo kumeneko sanauze munthu za malowa, chifukwa anthu akanapha mbalameyo. Inkawathera nkhuku ndi ana a mbuzi.

Ntchitoyi inali ya anthu awiri. Mbalame siidziwa kuwerenga: ikaona anthu akubwera, kenako n'kuona munthu akuchoka, imayesa kuti achoka onse. Wochokayo anali Paulo, mwamuna wa Nelia, mlongo wake wa Davison. Paulo anabadwira kutsidya kwa malire, ndipo anathawako chibalo mu 1955. Pochoka ankachotsanso makwerero a nsungwi, popeza tsiku lina anyani anakwerapo n'kusasula udzu. Ankabwera kudzamutsitsa 4 koloko.

"Alamu, madzi mwatenga?" anafunsa Paulo ali pansi.

"Botolo limodzi."

"Khalani bwino kumwambako. Mukaikira dzira mundisungireko."

"Chokani, mbalame ikukuonani."

"Indione. Alongo anu anandiona kamodzi, mpaka lero sanachire."

Anasenza makwerero n'kulowera chakumtsinje, kumene ankawabisa.

M'buku la Davison muli mzere uwu: 7.35, yaikazi yatera, yanyamula ng'azi. Anali atadikira masiku asanu ndi anayi. Dzuwa linali kumbuyo kwake, mwana atayasamula kukamwa. Anajambula kamodzi, kawiri. Nthawi yomweyo kumtsinje kunamveka mawu a amuna angapo, kenako a Paulo.

"Alamu!"

Anaitana kamodzi kokha.

Lamulo la pansanja linali loti usayankhe, usatsokomole. Mbalame ikadziwa kuti mu udzu muli munthu, sibweranso. Davison anadziuza kuti ndi nthabwala za Paulo, ngakhale anali atamva kuti amuna enawo sakulankhula Chichewa. Anamaliza zithunzi zonse khumi ndi ziwiri. Chiwombankhanga chinauluka 7.52. Apo m'pamene anaitana, poyamba motsitsa, kenako mokweza. Kumtsinje kunali zii.

4 koloko inakwana, n'kudutsa. Madzi anatha dzuwa lisanalowe.

Lachiwiri m'mawa anayeza zimene anali nazo. Thunthu la mbawa linali lalikulu moti anthu atatu sakanalizungulira ndi manja, ndipo kunsi kwa nsanja kunalibe nthambi. Anang'amba malaya, nalumikiza ndi lamba ndi luzi lomangira udzu. Chingwecho chinafika mapazi 11. Pansi panali miyala. Anachikokera m'mwamba n'kuchipinda.

Ankakuwa ola lililonse, n'kulemba nthawi yake m'buku. Chiwombankhanga chinazungulira kawiri m'mwamba osatera. Mwana wake analira tsiku lonse. Pofika 3 koloko mawu a Davison anali atasasa, lilime litatupa. Mizere ya madzulo amenewo ndi yopindika, ndipo manambala ena sawerengeka.

Nelia sanade nkhawa Lolemba, chifukwa awiriwo anali atagonapo kutchire kawiri. Lachiwiri madzulo anayamba kufunsa. Amene ankadziwa malowa anali a Shadreck, mkulu wofula njuchi, yemwe anaona pomwe panamwetedwa udzu. Iwo ndi Nelia anafika pa mbawa Lachitatu, 1.20 masana.

"Achimwene, muli moyo?" anafunsa Nelia.

Davison anagwetsa botolo lopanda kanthu.

"A Paulo ali nanu?"

Anatulutsa mutu mu udzu n'kupukusa.

A Shadreck anasema zikhomo makumi awiri, nazikhomera m'thunthu chimodzichimodzi akukwera, monga amachitira pofuna uchi. Zinatenga maola awiri. Atafika pamwamba anamupatsa chigubu cha madzi.

"Pang'onopang'ono, bambo. Ndipo kamera ibwere kumsana kwanga. Inu mutsike ndi manja okha."

Ali pansi, Nelia anamudikira kuti amwenso, kenako anakhala pamwala moyang'anana naye.

"Anachoka liti?"

"Lolemba, itatsala pang'ono 7 koloko."

"Simunamve kanthu?"

Davison anayang'ana buku lomwe linali pamwendo pake.

"Anandiitana. Kamodzi."

"Inu munati chiyani?"

"Mbalame inali pachisa."

Nelia anamanga bwino chitenje chake n'kulunjika kumtsinje, a Shadreck akumutsata. Makwerero anawapeza atagona pamchenga, mbali ina ili kuno, ina kutsidya. Pamchengapo panali mapazi a anthu anayi ovala nsapato ndi a mmodzi wosavala, onse olowera kum'mwera.

Davison anakanena ku boma pa 21 Seputembala. Kalaliki analemba, ndipo anati kalata ipita ku Tete. Ku Beira Davison sanapite. Mzungu atachira anapeza munthu wina. Mu 1961 mnyamata wina wobwerera kuchokera ku minda ya nzimbe ya kumunsi kwa Zambezi anati anaonako Paulo wina wa nthabwala, koma sanadziwe mfunda wake. Pofika Disembala 1963, yankho la kalata ya ku Tete linali lisanabwere.